Mkono Wobwereka

1. Lamba wa patapata

Lachiwiri m'mawa ndinakhala pakhonde ndi patapata wa amayi pamiyendo. Lamba wake anali atazukanso. Aka kanali kachitatu m'mwezi umodzi.

Ndinalowetsa mutu wa lamba pabowo, n'kuubaya kunsi ndi kamsomali kuti usatulukenso. Kenako ndinayamba kupinda msomaliwo ndi mwala, pang'onopang'ono, kuti usawalase kuphazi. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma ine ndinaichedwetsa dala.

"Iwe Madina, kodi ukusoka suti?" anafunsa amayi ali m'nyumba.

"Ndatsala pang'ono, amayi."

Anatuluka atagwirira chitseko. Mutu anali ataumanga ndi mpango zolimba, mpaka mitsempha ya pachipumi kuonekera. Amayi akamanga choncho ndiye kuti mutu ukuwawa. Ndinayang'ana mapazi awo. Anali otupa ngati chinangwa chogonera m'madzi. Lamba analibe mlandu. Phazi ndilo linali litakula.

Anavala patapatayo n'kuyesa kuyenda. Msomali unkagunda simenti: tche, tche, tche.

Amayi anga ndi a Maimuna. Agwira ntchito yopeta ndi kusankha mpunga pa chigayo cha Tiyanjane, kuno ku Boma la Nkhotakota, zaka khumi ndi ziwiri. Bambo anamwalira ndili Sitandade 6. Nditamaliza Fomu 4 ndinalembedwa ntchito pa chigayo chomwecho, yosoka matumba. Poona kuti ndimalemba zooneka bwino komanso sindiyankhulayankhula, anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya zaumoyo.

"Asalamu alaikum, eni nyumba! Mayi Maimuna achiwiri afika!"

Anali amayi aang'ono, a Zelifa, mng'ono wa amayi. Amagulitsa usipa mumsika. Msinkhu wawo ndi umodzi ndi amayi, maso nawonso amodzimodzi, koma a Zelifa amaseka ngakhale pa zinthu zosaseketsa.

"Alaikum salamu. Usafuule," anatero amayi, akuwapatsira mpango wobiriwira, masiki ndi kakhadi ka nambala 17.

"Achemwali, mkono wangawu ndiyamba kuulipiritsa. Mwezi ndi mwezi kuufinya ngati ndimu!"

Amayi sanaseke. Anakhala pa mpando n'kundiyang'ana.

"Tamvera, mwana wanga. Pakamwa pako ndimapadziwa, ndi potseka, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Koma maso akowo amayankhula. Lero usandiyang'ane, usawayang'anenso amayi ako aang'onowa. Uziyang'ana m'buku. Iwe sunaonepo mmene ntchito imathera. Sakuuza kuti choka ayi. Amayamba ndi kukumvera chisoni. Amati mwatopa, pumulani. Mawa akupatsa mpando. Mkuja wapezeka uli kunyumba, ukuwerenga nkhuku za eni ake. Ine ndilibe munda wa mpunga, ndilibe bwato. Mlongo wako Hamza ali Fomu 2. Manja awiriwa ndiwo munda wathu. Mutuwu ndi wa dzuwa chabe, kukazizira usiya. Ndipo kumbukira kuti sindili ndekha. Ukatsegula pakamwa pa za ine, waulula anthu asanu ndi awiri. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

2. Mmene zinayambira

Chaka chatha bambo wina wonyamula matumba anagwa pakati pa ntchito, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Amanijala athu, a Paison, zinawakhudza kwambiri, pakuti bambo awo anamwaliranso ndi matenda omwewo. Anapita ku maphunziro ku Salima, n'kubwerako ndi ndondomeko yoteteza thanzi la antchito.

Aliyense analandira masiki awiri ansalu, oteteza ku fumbi la mankhusu. Osankha mpunga, amene kale ankakhala pansi tsiku lonse, anawakhomera mabenchi ndi matebulo. Ndipo Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse kunkabwera anamwino, mayi Julia, kudzayeza kuthamanga kwa magazi, kumene tonse timangoti bipi. A Paison anati pakatha miyezi isanu ndi umodzi tidzakhala pansi n'kuona ngati ndondomekoyi yathandiza.

Masiki ndi mabenchi anthu anazikonda. Kuyezako ndiko kunalakwika tsiku loyamba lomwe.

Tebulo la anamwino linaikidwa pakhonde, pafupi ndi sikelo yoyezera matumba, tonse tikuona. Wachitatu pamzere anali a Yakubu, amene anayendetsa makina a chigayo zaka makumi awiri. Anamwino anawayeza kawiri, n'kuwauza motsitsa mawu kuti bipi yawo yakwera kwambiri. Kapitawo anamva.

"A Yakubu, injini yatentha! Thirani madzi!" anafuula.

Anthu anaseka. A Yakubu anatsitsa mkono wa malaya.

Mawa lake a Paison analengeza pamaso pa tonse kuti a Yakubu achoka ku makina, azikakhala pageti, kuti apume ku phokoso ndi kutentha. Ananena ndi mtima wabwino. Koma anthu anayang'anana. Pofika masana mawu anali atafala chigayo chonse: pageti ndi poyandikira kunja.

Amayi anali pamzere womwewo tsiku loyambalo. Ataona za a Yakubu anachoka mwakachetechete, ndipo sanayezedwe.

Mwezi wachiwiri anamwino anasamutsira tebulo m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, kuti anthu asamaonerere. Koma manambala ankalembedwabe m'buku, dzina ndi dzina, ndipo bukulo linkagona mu ofesi ya a Paison. Pamenepo ndi pamene anthu anayamba kubwereka mikono. Aliyense wodzikayikira ankatuma mng'ono wake kapena msuweni. Anamwino ankabwera kamodzi pa mwezi, ndipo tonse ankationa tili m'masiki, amayi atafunda mipango, abambo atavala zipewa. Munthu ankangoonetsa khadi, n'kupereka mkono.

Ine ndinkawadziwa onse. Mikono ya osankha mpunga imakhala yotuwa ndi fumbi mpaka m'zigongono. Mikono yobwereka inkabwera yodzola mafuta.

3. Nambala 17

"Nambala 17," anaitana anamwino.

A Zelifa analowa akuyenda mokoka miyendo, kuyesa kutsanzira amayi. Anakhala pansi n'kutambasula mkono. Ankanunkhira usipa. Anamwino anakulunga lamba wa makina oyezera bipi pamkonopo, n'kudina batani. Lamba anafufuma, kenako n'kuphwa.

"Mayi Maimuna, inu ndiye mumandisangalatsa. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, koma magazi akuyenda ngati a mtsikana. Mumadya chiyani?"

"Kondowole ndi mavuto, anesi," anayankha a Zelifa m'masiki.

Anamwino anaseka. "Mutu suwawa? Chizungulire? Mapazi satupa?"

"Olo pang'ono."

"Lemba, Madina. 118 ndi 76."

Ndinalemba pamzere wa dzina la amayi anga. Cholembera chinaterera m'zala chifukwa cha thukuta, 7 uja n'kupindika.

"Wadwala kodi? Kapena tikuyeze iweyo?" anafunsa anamwino.

"Ayi, ndili bwino."

Tsiku limenelo ndinalemba mikono yobwereka isanu ndi iwiri, monga mwa masiku onse.

Masana, makina akulira, ndinapita kukatenga ulusi ku sitolo. Podutsa pamalo osankhira mpunga ndinaona amayi akuimirira ndi lichero. Anayenda mapazi awiri, kenako anaima ngati munthu amene waiwala njira. Lichero linapendama, mpunga n'kukhuthukira pansi. Anagwira mzati n'kukhala pathumba.

Ndinathamanga. Nditawavula masiki ndinapeza ili ndi magazi. Ankatuluka m'mphuno.

"Amayi!"

"Khala chete. Tola mpungawo kapitawo asanaone."

"Anesi sanapite patali. Ndiwathamangire?"

"Ukawauze kuti chiyani? Kuti mtsikana wa m'mawa uja wakalamba masana?" Anayesa kumwetulira, koma mbali imodzi ya mlomo inkanjenjemera. "Ndi dzuwa. Tola mpunga."

Amayi awiri a patebulo lomwelo anaima motitchinga ndi zitenje zawo. Mmodzi mwa iwo nayenso anali atabwereka mkono m'mawa umenewo. Ndinagwada n'kuyamba kuwola mpunga ndi manja.

4. Mu ofesi

Lachitatu a Paison anandiitanitsa. Ndinawapeza atatsegula buku lija patebulo, nkhope ikuwala.

"Khala pansi, mwana wa mayi Maimuna. Miyezi isanu ndi umodzi yakwana. Mawa ndi msonkhano wounika ndondomeko yathu, ndipo lipoti ukawerenga ndiwe."

"Ine, bwana? Sinditha kuyankhula pagulu."

"Sukayankhula, ukawerenga. Dzanja lako ndilo lalemba zonsezi." Anatembenuza masamba. "Taona. Odandaula chifuwa anali khumi ndi asanu, pano atsala anayi. Odandaula msana achepa ndi theka. Nanga bipi? Kuchokera mwezi wachiwiri, mwa anthu makumi atatu ndi anayi, palibe ndi mmodzi yemwe amene yakwera, kupatula a Yakubu. Ndinkaopa kuti tipeza ambiri."

Anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Bambo anga anagwa ali kutchalitchi, akuimba kwaya. Palibe amene ankadziwa kuti akudwala. Ndinalonjeza kuti pamalo pamene ine ndikuyang'anira, munthu sadzagwa chifukwa chosadziwa. Ndikaona bukuli mtima umakhala pansi."

Ndinayang'ana zala zanga.

"Tsono mayi Julia akufunidwa malo ambiri," anapitiriza. "Ku dera la Mwadzama kuli magulu a alimi amene akuwadikira. Poti kuno tili bwino, ndagwirizana ndi akuluakulu a komiti kuti azibwera kamodzi pachaka basi. Mawa abwera kudzatsanzika. Pali vuto?"

Ndinapukusa mutu.

"Wachita bwino ntchito yako, Madina. Anthu ofatsa ngati iwe ndi amene amasunga zinthu molongosoka."

Anandipatsa bukulo kuti ndikakonzekere.

5. Pageti

Poweruka ndinatsalira m'mbuyo. Amayi anali atatsogola pa kabaza, zimene sankachita kale. Ndinapeza a Yakubu akupinda mkeka wawo wopempherera pambali pa kanyumba ka pageti.

"Mlembi, bukulo likukulemera? Walinyamula ngati mwala."

"Ayi, a Yakubu."

"Khala apa pang'ono."

Ndinakhala pa njerwa. Iwo anatulutsa kabotolo m'thumba la malaya n'kukagwedeza.

"Ukuona aka? Piritsi limodzi m'mawa uliwonse, ndi kuchepetsa mchere. Basi. Kale ndinkati ndikawerama popemphera swala, podzuka ndinkaona nyenyezi masana. Mutu unkagunda ngati makina amene ndinkayendetsa aja. Ndinkati ndi ukalamba. Lero ndimapalasa njinga mpaka kumudzi n'kubwerako. Anthu onsewa akuthawa chithunzithunzi changa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzandifunsa kuti a Yakubu, zikuyenda bwanji pagetipo? Ndikanamuuza. Ntchito yanga sinathe, ndipo palibe chimene anandilanda. Chimene chinandipweteka si geti. Ndi kuseka kuja. Ndi kulengezedwa pagulu ngati mbuzi yosokera, munthu osayamba wandifunsa maganizo anga. Miyezi iwiri ndinakhala wokwiya, osayankhula ndi munthu. Anzanga poona nkhope yangayo anati taonani, walangidwa. Kukhala chete kwanga ndiko kunawaopseza."

Anabweza kabotolo m'thumba.

"Geti ili ndimatsegula ndine, mwana wanga. Lachiwiri lililonse loyeza ndimaona anthu olowa ndi makhadi a eni. Amayi ako ndimawadziwa ndi mayendedwe. Masiku ano ndimawamva asanafike, chifukwa cha kamsomali kaja. Dzulo nambala 17 inadutsa pano m'mawa popanda phokoso, inadutsanso kachiwiri ikulira tche, tche. Ndinaona, ndinangoti chete. Ndine wolakwa chimodzimodzi ndi iwe. Koma tamvera. Makolo athu a m'mbali mwa nyanja muno ankati wobisa matenda, imfa imamuulula. Matenda amenewa sachita odi. Bambo uja anagwa ndi thumba chaka chatha, m'mawa wake tinamwera limodzi tiyi akuseka. Lero mkazi wake ndiye amamusambitsa. Amayi ako akuopa kukhala pampando wa pageti. Pali mpando wina woipa kuposa uwu, umene munthu sadzukapo yekha."

"Nanga bwanji osanena inuyo?" ndinafunsa.

"Ine ndikanena, adzati nkhalamba yasungulumwa, ikufuna anzake pageti. Komanso ndilibe umboni. Umboni uli pamiyendo pakopo."

"Amayi anandiletsa."

"Ndikudziwa. Kumvera kholo ndi lamulo la Allah, sindingakuuze kuti uliphwanye. Koma ukadzifunse kuti amene wakuletsa ndani, amayi ako kapena mantha awo. Pita, kusanade."

Kunyumba ndinapeza amayi atagona pamkeka, mapazi atawasanjika pa mtondo wogwetsa. Anaona buku m'manja mwanga.

"Akuti ukawerenga ndiwe mawa?"

"Inde."

"Ukawerenge zimene zalembedwa."

Ndinawatenthetsera madzi n'kuwathowa mapazi. Ndikadina ndi chala, dzenje linkatsala pakhungu, osabwerera msanga.

6. Msonkhano

Lachinayi cha m'ma teni koloko makina anazimitsidwa. Chigayo chikakhala chete, makutu amalira okha. Tinasonkhana mu shedi yaikulu, ena pamabenchi, ena pamatumba. Kumanzere kunali khomo lotulukira. Kumanja kunakhala mayi Julia, makina awo oyezera ali m'kachikwama patebulo. Amayi anakhala kumbuyo, pafupi ndi mzati.

A Paison anathokoza anthu onse, kenako anandiitana kutsogolo. Anandiimika moyang'ana akomiti, gulu lili kumbuyo kwanga.

"Kweza mawu, mlembi! Kuno sitikumva!" anafuula kapitawo ndisanayambe n'komwe. Ena anaseka.

Ndinawerenga za masiki. Anthu anawomba m'manja. Ndinawerenga za mabenchi.

"Zoona zimenezo!" anatero mayi wina. "Msana wanga unabwerera kwawo!"

Ndinatembenuza tsamba. Pamwamba panali mawu amene ndinalemba ndekha: Kuthamanga kwa magazi. Maso anga anagwera pa nambala 17, pa 7 wopindika uja.

Njiwa zinkayenda padenga la malata.

"Pitiriza, Madina," anatero a Paison mofatsa.

Ndinatseka buku.

"Bwana, tsamba ili sindiwerenga."

"Chifukwa?"

"Ndi labodza. Ndinalemba ndine."

Kumbuyo kwanga kunamveka phokoso ngati mpunga ukukhuthulidwa m'thumba. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Manambalawa ndi a mikono yeniyeni, koma si mikono ya eni mayina. Anthu akhala akutuma abale awo kuti adzayezedwe m'malo mwawo. Anesi sakanadziwa chifukwa cha masiki. Ine ndinkadziwa, ndipo ndinkalemba."

Mayi Julia anagwira pakamwa.

"Iwe mwana, khala pansi!" anakalipa kapitawo. "Ukuchititsa manyazi akuluakulu ako!"

"Musiyeni amalize," anatero a Yakubu ali pakhomo. "Inu munayankhula kale tsiku lija."



A Paison anali atavula magalasi. Nkhope yowala ija inali itazima. "Chifukwa chiyani anthu angachite zimenezi? Ine ndinkafuna kuwathandiza."

"Tikudziwa, bwana. Palibe amene amati ndinu oipa. Koma simunatifunse. Tsiku loyamba a Yakubu anayezedwa tonse tikuona, anasekedwa, mawa lake n'kuchotsedwa ku makina. Anthu anaona kuti wopezeka ndi bipi amataya malo ake. Ndiye amene akudwala kwenikweni ndi amene athawa kuyezedwa. Bukuli likuti tonse tili bwino chifukwa odwala mulibemo. Anesi akasiya kubwera, anthu amenewo sadzayezedwanso, kufikira tsiku limene adzagwe."

Sindinayambe ndayankhulapo mawu ochuluka chotere pagulu. Koma atayamba kutuluka, sanafunenso kuima.

"Ndikupempha zinthu zochepa. Anesi asasiye kubwera. Nambala ya munthu ilembedwe pakhadi lake, apite nalo kunyumba. Ku ofesi kuzipita chiwerengero chokha, kuti mwezi uno apezeka angati, popanda mayina. Munthu asachotsedwe pamalo pake asanafunsidwe, ndipo zimenezo zilembedwe, muzisaine, zikhomedwe pakhomopo. Ndipo pounika ngati ndondomeko ikuyenda, musamafunse buku lokha. Muzifunsa anthu, mmodzimmodzi, kumbali. Mukanayamba ndi a Yakubu."

A Paison anayang'ana buku lotsekalo.

"Ndi angati?" anafunsa.

"Asanu ndi awiri."

"Ndipatse mayina, Madina. Sindiwalanga. Ndikufuna athandizidwe lero lomwe."

"Sindinena, bwana."

"Ukudziwa kuti kulemba zabodza m'buku la kampani ndi mlandu? Komiti ikhoza kukuchotsa ntchito."

"Ndikudziwa. Dzina langa lembani, pakuti ndinalakwa. Koma enawo ayi. Mayina ndiwo atifikitsa pano. Mwini mkono abwere nawo yekha."

Sindinacheuke, koma mawu otsatirawa sindinkauza a Paison.

"Ndinauzidwa kuti ndikhale chete, ndipo ndakhala chete miyezi isanu. Amene anandiuza ndimawakonda kuposa munthu wina aliyense, ndipo ndikudziwa kuti lero andikwiyira. Andikwiyire ali moyo. Bambo ndinawaika kale m'manda. Ine ndatopa ndi kukonza lamba mwezi ndi mwezi, chonsecho vuto lili kuphazi."

Mayi Julia anatsegula kachikwama pang'onopang'ono, n'kuyala lamba wa makina patebulo. Palibe amene anasuntha.

Kenako kumbuyo, pafupi ndi mzati, benchi inalira. Munthu anaimirira.

Tche. Tche. Tche.

Khomo lotulukira linali kumanzere kwanga, tebulo la anamwino kumanja. Ndinafumbata buku pachifuwa, n'kutchera khutu kuti ndimve kumene kamsomali kanga kakhotere.